Msonkhano womva maganizo a anthu pa za unzika ku Mbare: tebulo la kukhonde linaposa maikolofoni

Pali bungwe lina la maloya ndi ophunzira zamalamulo limene lakhala likuzungulira m'malokeshoni a Harare, kuitana anthu kuti adzanene maganizo awo pa malamulo a unzika ndi a kalembera wa ana obadwa. Akuti zonse zimene anthu anene azisonkhanitsa, azilembe mwadongosolo, kenako akazitule ku komiti ya Nyumba ya Malamulo. Ine ndine mlembi wa sosaiti yathu ya maliro ku Mufakose, ndipo mamembala athu ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Tete ndi ku Chipata, kudzagwira ntchito kuno kalekale. Ku msonkhano wa ku Mbare ndidapita ndi azakhali anga pamodzi ndi agogo angapo a m'sosaitimo. Chibwerereni anthu sakundipumitsa, aliyense akufuna kudziwa ngati m'poyenera kutseka tebulo la tomato tsiku lonse chifukwa cha msonkhano woterewu.

Pitani, koma cholinga chanu chisakhale kukagwira maikolofoni. Thandizo lenileni lidali panja, pa tebulo laling'ono la kukhonde pomwe atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi ankayang'ana mapepala a munthu aliyense payekha. Za m'holo zidali zabwino mwa apo ndi apo, ndipo zina mwa izo zidandipsetsa mtima.

Uthenga woitanira anthu udabwera pa WhatsApp Lachinayi, msonkhano uli Loweruka m'mawa. Kwa ife okhala ndi mafoni zidakwana, koma anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri ndi omwewo amene alibe layini ya foni m'dzina lawo, poti kuno sugula layini popanda chitupa. Akadatumiza uthenga kumipingo ndi kumizikiti sabata imodzi m'mbuyo, holo ija ikadadzaza mpaka kubwalo. Malo ake adasankha bwino, holo ya tchalitchi kufupi ndi pokwerera makombi, yopanda masitepe, mipando yokwanira, chimbudzi chaukhondo chokhala ndi madzi m'mgolo. Kulowa kudali kwaulere. Adati tiyamba 9 koloko, tidayamba cha m'ma 10, ndipo pa zimenezo sindingawadandaule kwenikweni chifukwa ifenso a ku Mufakose tidafika mochedwa.

Chimene chidandidabwitsa chidali pakhomo penipeni. Pepala lolembapo mayina a obwera lidali ndi mizere inayi: dzina, komwe ukukhala, nambala ya foni, nambala ya chitupa. Msonkhano wa anthu opanda zitupa, pakhomo akufunsa nambala ya chitupa. Ndidaona ndi maso angawa amayi ena achikulire atanyamula thumba la pulasitiki la mapepala awo, atawerengeredwa mizereyo ndi mdzukulu wawo, akubwerera chammbuyo pang'onopang'ono mpaka kukaima pansi pa mtengo kunja kwa mpanda. Sadakalipe, sadafunse kanthu. Munthu amene wakhala zaka zambiri akubwezedwa pa mawindo a maofesi amadziwa kubwerera yekha asanauzidwe. Mwayi wake mtsikana mmodzi wa bungwelo adaziona, adatenga cholembera n'kudula mzere wonse wa zitupawo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kutuluka kukawatenga amayi aja pamkono. Mtsikanayo ndimuyamikire, koma amene adakonza pepalalo ku ofesi sadaganize za omwe ankawaitana.

Loya amene adatsegula nkhani adali mayi wachichepere wodziwa ntchito yake. Sadazungulire. Adayamba ndi gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013, lomwe ambiri mwa ife tidangolimva pakamwa pa anthu osaliwerengapo. Limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe ndi nzika mwa kubadwa, ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri adali nzika za dziko limene lidadzalowa mu SADC, komanso ngati iyeyo ankakhala mu Zimbabwe pa tsiku losindikizalo, lomwe ndi 22 Meyi 2013. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. Ndiye kuti ine wobadwira ku Harare, bambo anga a ku Ntcheu, sindine mlendo wopempha chifundo, ndine nzika chimodzimodzi ndi mnansi wanga wa ku Murehwa. Adanenanso za mlandu wa Mutumwa Mawere wa mu 2013, pomwe Khothi la Malamulo Oyendetsera Dziko lidagamula kuti nzika ya mwa kubadwa singakakamizidwe kutaya unzika wa dziko lina kuti ipatsidwe chitupa cha kuno. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, choncho kwa obadwira kuno mantha akale aja oti ukatenga cha uku wataya cha uko alibenso maziko.

Nanga bwanji anthu akuvutikabe? Apa m'pamene mayiyo adafotokoza bwino kuposa wina aliyense amene ndidamumvapo. Malamulo aakulu adasintha mu 2013, koma lamulo la unzika lomwe akalaliki amaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi lija la 1984, lokhala ndi zigamba zake za m'zaka zotsatira. Chigamba choopsa chidali cha 2001, chomwe chidapatsa anthu miyezi 6 yokha kuti akane unzika wa dziko lina motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa kuno. Ndani pa famu ya fodya ku Mvurwi adamva zimenezo pa nthawi yake? Ndipo ukadakana bwanji unzika wa dziko limene sudalipondepo, lomwe silikukudziwa n'komwe? Anthu ambirimbiri adangodzuka ali opanda dziko, chisankho cha 2002 chili pafupi. Mu 2003 adafewetsako pang'ono kwa ana a anthu a m'chigawo chino amene adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, koma pofika nthawiyo mafamu ambiri adali atalandidwa kuyambira 2000, antchito atabalalika, mapepala atatayika. Otsala ena adapsa kapena kunyowa mu 2005 pa Murambatsvina, nyumba za kuseri zikugwetsedwa ku Mbare komweko ndi ku Hatcliffe. Zonsezi tidazipirira tokha, komabe kuzimva zikuyalidwa motsatana chaka ndi chaka kudandithandiza kuona kuti si ulesi wa makolo athu umene udatifikitsa pano, monga achinyamata ena amanenera akakwiya.

Tsoka lake, mayiyo adayankhula Chingerezi chothira Chishona, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ife obadwira m'tauni Chishona timachimva ngati madzi akumwa, ndipo ana athu ambiri Chichewa amangochimva osachiyankhula. Koma kutsogolo kudakhala agogo amene Chishona chawo n'chogulira ndiwo basi, ndipo mawu a zamalamulo m'Chingerezi adangowadutsa pamwamba. Womasulira padalibe. Nditafunsa, mnyamata wina adandiyankha mwaulemu ndithu kuti sadayembekeze kuti pafunika. Msonkhano wa zidzukulu za Achewa, Ayao ndi Angoni ku Mbare, osayembekeza Chichewa! Chonsecho gawo 6 la malamulo omwewo amene ankatiwerengera limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo pa mndandandawo ndicho choyamba. Mapepala ogawidwa adali a Chingerezi, ochepa a Chishona. Mapeto ake ine ndi abusa ena opuma tidakhala pakati pa agogowo n'kumanong'ona zomwe zikunenedwa, mpaka anthu a kumbuyo adatitsonya kuti tikusokosa.

Nthawi ya maganizo a anthu ndi imene idandikhumudwitsa kwambiri. Aliyense adapatsidwa mphindi 3, ndipo wotsogolera ankaloza amene wakweza dzanja msanga. Okweza msanga ndi ndani? Ndi aja ozolowera misonkhano, oimira mabungwe ena, obwera ndi mapepala otayipa kale. Adayankhula zomveka, sindikukana, koma adali kubwereza zomwe loya adanena kale, ena mpaka kutchula magawo omwewo. Bambo wina adatha mphindi zake zonse kuthokoza okonza msonkhano. Wina adalowetsa za chipani, anthu n'kuyamba kung'ung'udza, wotsogolera n'kumudula bwino lomwe, ndipo pamenepo adachita ntchito yake. Pa ola lathunthu, anthu enieni opanda mapepala amene adagwira maikolofoni sadakwane dzanja limodzi.

Mmodzi mwa iwo adali agogo aamuna a m'sosaiti mwathu, obadwira ku Dedza, amene adabwera ali kamnyamata m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, pa lole ya Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito. Adaima ndi ndodo yawo, maikolofoni adaigwirira pamimba kotero kuti kumbuyo sadamve, ndipo adayankhula Chichewa chokhachokha. Adati iwo pobwera ankati mlendo ndi mame, adzakhala zaka ziwiri agule njinga ndi bulangeti abwerere. Adalima fodya, adakwatira, adaika mkazi ndi ana awiri m'manda a pa famu, ndipo lero ku Dedza kulibe amene angawaloze pomwe padali nyumba ya amayi awo. Funso lawo lidali limodzi: gawo 43 likunena za obadwira kuno, nanga ife amene tidabereka obadwira kunowo tili pati? Holo idangoti zii. Wolemba zokambirana adaimika cholembera m'mwamba chifukwa sadamve kanthu, mpaka abusa aja adaimirira n'kumasulira m'Chishona. Pomwe amamaliza kumasulira, mphindi 3 zidali zitatha kale ndipo wotsogolera adali akuyang'ana wotchi.

Loya uja adayankha moona mtima, ndipo chimenecho ndidachikonda. Adati gawo 43 siliwakhudza agogowo. Njira yawo ndi gawo 38, lolola munthu amene wakhala m'dziko muno movomerezeka kwa zaka 10 mosadukiza kupempha kulembedwa unzika. Koma mawu oti movomerezekawo amafuna umboni wa mapepala, ndipo pamafunikanso ndalama, pomwe munthu adalowa m'dziko pa lole ya olemba antchito ali ndi chikwangwani chokha cha nambala. Adawauza kuti funso lawolo ndi limodzi mwa zinthu zimene lamulo latsopano liyenera kuyankha, ndipo adalamula wolemba kuti alilembe momwe adalinenera. Sadawalonjeze chitupa. Ndaonapo anthu ena akubwera m'malokeshoni muno kulonjeza agogo zinthu zoti sangakwanitse, makamaka chisankho chikayandikira, ndiye munthu akanena poyera kuti apa sindingathe ine ndimamukhulupirira pa zinazo.

Tsopano za tebulo la kukhonde. Silidalengezedwe n'komwe mokweza, tidangoliona potuluka kukamwa tiyi. Azakhali anga adabadwira pa famu ina cha ku Bindura m'zaka za m'ma 1960, m'nyumba, mzamba wake agogo a pa komboni. Chitupa ali nacho, chija chachitsulo chakale, koma cholembedwa kuti ndi mlendo, ndipo setifiketi ya kubadwa sadakhalepo nayo. Chifukwa cha zimenezo mwana wawo wamkazi alibe chilichonse, ndipo zidzukulu zitatu zilibe setifiketi, wamkulu ali pafupi kulemba mayeso a giredi 7. Mtsikana wa pa tebulo adawakhazika pa mpando, iye n'kugwada pambali, n'kunena kuti amayi, khuthulani zonse zimene zili m'thumbamo, ngakhale zimene mukuziona ngati zinyalala. Mudatuluka khadi la ubatizo lachikasu ndi ukalamba, lopindidwa kanayi, la mpingo wa CCAP. Khadi la sikelo la mdzukulu wamng'ono. Risiti ya sosaiti. Chithunzi cha malemu atsibweni. Ndi kalata ya sukulu ya pa famu yomwe inki yake idafufuma ndi madzi. Mtsikanayo adayala zonse pa tebulo, n'kuyamba kuziwerenga chimodzichimodzi ndi chala.

Adapeza chinthu chimene ife pabanja sitidachionepo pa zaka zonsezi. Pa khadi la ubatizo dzina la bambo awo lidalembedwa mwa Chichewa, pa chitupa kalaliki adalilemba momwe adalimvera, chilembo chimodzi chidasowa, ndipo chaka chobadwa chidasiyana ndi zaka ziwiri. Adati kusiyana kotereku n'kumene kumabweza anthu ambiri pa windo popanda kuuzidwa chifukwa chake, ndipo n'kofala pakati pathu poti ena adatenganso mayina a Chishona dala pothawa kunyozedwa. Adawalembera pa pepala, m'zilembo zazikulu, choyamba kuchita ndi chotsatira chake: ayambe ndi kalata yolumbira yofotokoza kusiyana kwa mayinawo, apeze wachibale wamkulu kuposa iwo wokhala ndi chitupa adzakhale mboni ya kubadwa kwawo, akatenge setifiketi yawo iwo eni poyamba, kenako asinthitse chitupa, ndipo pokhapo m'pamene mwana wawo ndi zidzukulu angatsatire. Ife tinkayambira kumunsi, kuthamanga ndi zidzukulu, n'chifukwa chake tinkangobwezedwa. Adawauzanso kuti gawo 81 limapatsa mwana aliyense wobadwira kuno ufulu wolandira setifiketi ya kubadwa mosachedwa, ndi kuti mwana wakhanda ayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 42, choncho mdzukulu amene ali m'njira asadzamuchedwetse ngati anzake.

Zonsezi zidatenga pafupifupi theka la ola, ndipo sadalipiritse kanthu. Mtsikanayo Chichewa ankachimva pang'ono, adati agogo ake aakazi adali a ku Nkhotakota, ndipo pomwe chamuthera ankafunsa ine. Azakhali adachoka pamenepo atapinda pepala lija n'kuliika m'kamisolo, kumene amasunga ndalama.

Koma tebulolo lidali limodzi, anthu atatu, ndipo mzere udafika ku geti. Amene adakhala m'holo mpaka kumapeto momvera, kudikira pemphero lotsekera, adapeza mzere watalika ndipo ambiri adabwerera osathandizidwa nthawi itakwana 3 koloko, galimoto ya bungwe itabwera kudzatenga mipando yawo. Adalemba mayina a otsalawo n'kunena kuti adzawaimbira. Mwa a m'sosaiti mwathu ena adaimbiridwadi, ena mpaka lero. Kukadakhala kwa ine, ndikadachepetsa zolankhula za m'holo ndi theka, maloya onse aja okhala kutsogolo n'kuwatulutsa kukhonde aliyense ndi tebulo lake. Maganizo enieni a anthu pa lamulo adali kutuluka pa tebulopo, munthu akufotokoza pomwe adakakamira, osati pa maikolofoni. Ndidafunsa ngati zomwe zikunenedwa pa tebulo zikulowa nawo mu lipoti. Adati ayi, zimenezo n'zachinsinsi cha munthu. Ndikumvetsa, komabe akadatha kupempha chilolezo n'kuzilemba popanda mayina.

Za chakudya ndingonena mwachidule: tiyi, buledi wopaka majarini, masana botolo la chakumwa ndi bisiketi. Ndalama ya kombi adabweza madola awiri kwa aliyense wosayina, ndipo pamenepo padabuka kaphokoso chifukwa anyamata ena a pamsika adalowa chakumapeto kudzangosayina. Wojambula zithunzi ndiye adanditopetsa. Ankafika pafupi kwambiri ndi nkhope za agogo osapempha, ndipo munthu amene amaopa kuti tsiku lina adzauzidwa kuti bwerera kwanu sakondwa kujambulidwa pa msonkhano wa anthu opanda mapepala. Titadandaula adasiya, n'kupepesa.

Funso limene amalume anga adandifunsa madzulo ake ndi lomwe ambiri ali nalo: kodi zolankhulazi zimapita kuti? Iwo adakhalapo pa misonkhano ya COPAC, komiti ya aphungu yokonza Malamulo Oyendetsera Dziko, mu 2010, pomwe ankafunsa anthu za malamulo atsopano, ndipo amakumbukira kuti ku Mbare kudali ndewu mpaka misonkhano ina kuimitsidwa. Adakhalaponso pomwe bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, Zimbabwe Human Rights Commission, lidazungulira dziko mu 2019 kufufuza za mavuto opeza zitupa ndi masetifiketi, lipoti lake n'kutuluka mu 2020. Mu 2021 Amnesty International idatulutsanso lake, lonena chiwerengero cha UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, choti anthu pafupifupi 300,000 m'dziko muno ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ena ndi ife ochokera kumpoto, ena ndi ana a anthu ophedwa ndi asilikali pa Gukurahundi ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980 amene alibe setifiketi ya imfa ya makolo awo. Amalume akuti nkhani yathu yalembedwa kokwanira, chatsala n'kuchita. Sindingawatsutse kwathunthu.

Komabe ine ndimaona mosiyanako. Gawo 43 lomwe lija silidagwe kumwamba, lidalowa chifukwa nkhani ya ana a antchito a m'mafamu ndi m'migodi idanenedwa mobwerezabwereza pa nthawi yolemba malamulowo, anthu n'kuwavomereza pa referendamu ya pa 16 Malichi 2013. Chilango cha imfa nachonso chidakambidwa kwa zaka, munthu womaliza atanyongedwa mu 2005, mpaka phungu wa ku Dzivaresekwa, Edwin Mushoriwa, adabweretsa bilu yake yothetsa chilangocho, anthu adafunsidwa maganizo, ndipo Pulezidenti Mnangagwa adaisayina pa 31 Disembala 2024. Ukwati wa ana udaletsedwa ndi khothi mu Januwale 2016, koma lamulo la maukwati lotsatira chigamulocho lidadzabwera mu 2022. Zinthu zimayenda, kungoti zimayenda pa liwiro loti agogo a ku Dedza aja mwina sadzaziona. Ndipo si bilu iliyonse imene imamvera zomwe anthu anena pa misonkhano. Ya mabungwe omwe si a boma idatsutsidwa ndi ambiri koma idakhala lamulo mu 2025.

Bungweli lidatiuza zomwe likufuna kukapempha, ndipo zidali zomveka. Likufuna lamulo la unzika lilembedwenso kuti ligwirizane ndi malamulo a 2013, kuti kalaliki wa pa windo asamakhale ndi buku lonena zina pomwe malamulo aakulu akunena zina. Likufunanso kuti umboni wofunika polembetsa mochedwa ufewetsedwe kwa anthu obadwira m'mafamu ndi m'migodi. Lidatchulanso pangano la mayiko la 1961 lochepetsa vuto la anthu opanda dziko, lomwe Zimbabwe sidalowemo ngakhale idalowa m'pangano linzake la 1954. Apa loya adatiphunzitsa chinthu chimene sindinkachidziwa bwino: pangano la kunja, ngakhale boma litasayina, silikhala lamulo la kuno mpaka Nyumba ya Malamulo italilowetsa kudzera m'lamulo lakelake, malinga ndi gawo 327, pomwe gawo 34 limalamula boma kuti lizichita zimenezo. Ndiye tikamva pa wailesi kuti nduna yasayina chinachake ku Geneva kapena ku Addis Ababa, tisamafulumire kuvina.

Adatikumbutsanso kuti msonkhano wawowu si wa Nyumba ya Malamulo. Nyumbayo ili ndi udindo wakewake, pa gawo 141, wofunsa anthu pa mabilu, ndipo gawo 149 limalola nzika iliyonse kapena wokhala kuno mokhazikika kulemba pempho lopita ku Nyumbayo. Chikhalireni aphungu adasamukira ku Mount Hampden, kutali ndi pakati pa tauni pomwe munthu unkangoyenda wapansi kuchokera pokwerera makombi pa Copacabana, njira ya kalata ndi misonkhano ya m'madera ndi imene yatsala kwa anthu ngati ife. Bungweli lidalonjeza kuthandiza gulu lililonse lofuna kulemba pempho lake. Sosaiti yathu yavomera kuyesa, ndipo tagwirizana kuti tilembe m'Chichewa, Chingerezi chikhale chongotsatira, tione ngati adzatibweze.

Lipoti loyamba la msonkhano lidabwera pa WhatsApp patapita milungu ingapo, ndipo pa kusunga lonjezo limenelo ndiwapatse ulemu wawo. Lidali la Chingerezi, lalitali, lolemera kutsitsa pa foni ya bandulo yochepa. Ndidaliwerenga lonse usiku magetsi atabwera. Funso la agogo a ku Dedza lilimo, m'mizere iwiri, popanda dzina lawo, ndipo adalilemba molondola. Dandaulo lathu la womasulira lilimonso, pansi pa zomwe okonza aphunzirapo. Za pepala la pakhomo lofunsa nambala ya chitupa sadatchule. Adapempha kuti amene ali ndi zokonza atumize pasanathe sabata, koma agogo amene adayankhula sangawerenge lipotilo, choncho tidakawawerengera pambuyo pa mapemphero Lamulungu, n'kutumiza mawu awo owonjezera pa uthenga wa mawu.

Amene muli ndi chitupa chabwinobwino ndipo mukungofuna kumva za malamulo, mukhoza kupempha mnzanu akujambulireni mawu a loya uja, simutaya zambiri. Amene muli ndi kholo, mwana kapena mdzukulu wokakamira pa mapepala, tsekani tebulo la tomato tsiku limenelo. Fikani m'mawa, mulembetse dzina pa tebulo la kukhonde musanalowe m'holo, ndipo mutenge pepala lililonse lakale lomwe lili m'nyumba: makadi a ubatizo kapena a ku madrasa, makadi a sikelo, makalata a sukulu, ziphaso za ntchito za malemu, ngakhale buku la sosaiti losonyeza chaka chimene munthu adalowa. Mutengenso wachibale wamkulu amene amakumbukira mayina a mafamu ndi zaka, chifukwa mafunso ambiri a pa tebulopo achinyamata sangayankhe. Ngati agogo anu Chishona chimawavuta, khalani nawo pambali, musadalire kuti womasulira adzakhalapo ngakhale adalonjeza kuti pa misonkhano yotsatira ya ku Mabvuku ndi ku Epworth adzabwera naye.

Azakhali apeza kale mboni, msuweni wawo wa ku Rugare amene adapuma ntchito ku njanji, ndipo kalata yolumbira ija yalembedwa ndi kudindidwa. Chatsala ndi ulendo wa ku Bindura, poti adauzidwa kuti nkhani yawo ikayambire m'boma lomwe adabadwira, ndipo sosaiti yavomera kuwabwereka ndalama ya basi ya anthu awiri kumapeto kwa mwezi uno.